Isanagwe nkhokwe, samutsani chimanga

Amene mudafikako ku Mtunthama m'mwezi wa Epulo mukudziwa kuti nyengo imeneyo mphuno ndiyo imayamba kukuuzani kuti mwafika. Zigafa zimakhala zodzaza, pakhonde paliponse anthu ali kalikiliki kusankha fodya, kuseri uku amuna ali pa jeke kudinda mabelo. Mtima wa aliyense uli ku msika wa Chinkhoma, ndipo aliyense ali ndi masamu ake m'mutu: ngongole ya feteleza, fizi ya ana, malata a nyumba.

Ndidafika kumeneko mu Epulo 2025 kukaona alamu anga, omwe ali ndi kashopu pamsika. Ntchito yawo ndi kutayipa makalata, kusindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, ndi kufotokopa ziphaso. Komanso ndiwo mlembi wa kalabu ina ya alimi a fodya. Ndani adatenga matumba angati a feteleza, ndani wabweza, belo ili ndi la yani, zonsezo zidali m'laputopu imodzi ya kaunjika yomwe adagula ku Lilongwe zaka zapitazo.

Ndidawapeza atagwira njakata.

"Alamu, mwabwera nthawi yabwino. Takhalani apa muone nokha," adatero.

Adadina batani. Tidadikira. Mlongo wanga adabweretsa tiyi ndi mbatata, tidamwa, tidamaliza, makapu adatsukidwa, koma kompyuta idali ikuzungulizabe kamkombero kake kaja. M'kati mwake mumamveka kaphokoso kofooka, tiki, tiki, tiki, ngati wotchi yakale ya pakhoma.

Panja pa benchi padali atcheya a kalabu, bambo aimvi, chipewa chili pabondo.

"Alembi, kodi makina anuwo atiuza liti zoona?" adafunsa. "Anthutu ayamba kunong'ona kuti ndalama mudadya, mukungobisala kuseri kwa kompyuta."

Apa mpamene ndidazindikira kuti nkhaniyi si ya makina chabe. Mlembi akalephera kutulutsa ndandanda ya ngongole nthawi ya msika, palibe amene amamva zoti kompyuta yadwala. Amati wadya basi.

Sabata ya m'mbuyo mwake alamu adali atapita nayo kusitolo ina m'tauni, komwe adawauza mwachidule kuti yatha ntchito, agule ina. Mtengo womwe adawatchulira udali wa mabelo angapo a fodya wabwino. Ine sindidadabwe. Makompyuta onse timaitanitsa kunja ndi madola, ndipo kwacha yathu idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nanga wogulitsa angakuuzeni kuti kakonzeni pomwe katundu wake ali phee pa shelefu?

Koma inu amalonda ndi ophunzira, imvani. Kompyuta ikayamba ulesi, nthawi zambiri sikuti yonse yakalamba. Chomwe chimakhala chatopa ndi kachipangizo kamodzi kokwana m'thumba la malaya, komwe amisiri amati hadi disiki. Imeneyi ndiyo nkhokwe ya kompyuta. Kwathu nkhokwe ikapendekeka sitiotcha mudzi. Timamanga ina, n'kusamutsa chimanga isanagwe.

M'nkhokwe imeneyi mumakhala zinthu za mitundu iwiri. Muli katundu wanu: makalata, zithunzi, nyimbo, maakaunti. Mulinso pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa kompyuta yonse, kwa ambiri a ife Windows. Popanda iyo laputopu ndi thireyi yoperekera tiyi. Ndiye kusintha disiki sikungochotsa yakale n'kulowetsa yatsopano ayi. Yatsopanoyo imabwera yopanda kanthu, ndipo muyenera kusamutsiramo zonse ziwiri.

Hadi disiki imagwira ntchito ngati galamafoni ya agogo. M'kati muli timbale tomwe timazungulira, m'malaputopu ambiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kadzanja komwe kamathamanga uku ndi uku kufunafuna zomwe mwapempha. Nzeru imeneyi ndi yakale. Kampani ya IBM idatulutsa yoyamba mu 1956, chimakina chachikulu ngati mafiriji awiri, cha mbale 50, chomwe chinkasunga pafupifupi 5 MB, malo a nyimbo imodzi kapena ziwiri za pa foni yanu. Lero yachepa thupi, koma khalidwe ndi lomwe lija: chinthu chozungulira chimatha. Kadzanja kaja kamauluka pafupi kwambiri ndi mbale, kampata kake kochepetsetsa kuposa tsitsi. Mukaigwedeza ili moyaka, kapena ikagwa patebulo, kamakanda mbale. Taganizani za laputopu yomwe yakhala ikudumpha pa kabaza m'misewu yathu ya fumbi, n'kumazimidwa mwadzidzidzi magetsi akathima. Kaphokoso ka tiki, tiki kaja ndi kulira kwa wodwala kayakaya.

Nkhokwe ya masiku ano imatchedwa SSD. M'kati mwake mulibe chozungulira. Muli timatchipu ta mtundu womwe uli m'foni kapena m'fulashi. Pomwe hadi disiki ya laputopu imatumiza pafupifupi 100 MB pa sekondi, SSD wamba imafika cha m'ma 500 MB, ndipo potola timafayilo ting'onoting'ono tomwazikana, yomwe ndi ntchito yaikulu kompyuta ikamayaka, kusiyana kwake n'kwa njinga yakapalasa ndi galimoto. Siopa mabampu, sichita phokoso, ndipo simadya batire kwambiri.

M'mawa mwake tidakwera galimoto kupita ku Kasungu boma, kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta yemwe mnzanga adandilozera. Adaiyika khutu, adamvetsera, n'kupukusa mutu.

"Madala, musamangoiyatsayatsa iyi. Mukaiyatsa kamodzi mwaikankhira kumanda kamodzi. Za SSD tikambirana. Choyamba tiuzeni, n'chiyani m'menemu chomwe chitatayika simungagone tulo?"

Funso limeneli ndi lomwe lidandikhulupiritsa kuti tafika kwa mmisiri. Musanagule kanthu, musanamasule sikulu ngakhale imodzi, koperani zofunika kwambiri pa fulashi kapena pa disiki ina. Tidayamba ndi mafayilo a kalabu. Adayenda pang'onopang'ono ngati nkhono, koma adatuluka. Okhawo a chaka cha 2022 adakana. Malo omwe adagona pambale paja adali ataola kale, ndipo palibe chomwe mnyamatayo adatha kuchita. Madzi akatayika saoleka. Mwayi wake msungichuma wa kalabuyo, mayi wina wosakhulupirira makina, adali akulembabe zonse m'kope lake lachikuto cholimba, lomwe alamu ankaliseka. Tsiku limenelo sadaseke.

Masana omwewo tidasindikiza ndandanda ya ngongole pa kompyuta ya mnyamatayo. Atcheya adailandira madzulo, ndipo manong'onong'o adatha. Nkhokwe idali isanasinthidwe, koma chimanga chidali chitapulumuka.

Kenaka tidalowa m'nkhani yogula. Apa mpofunika kufunsa, paja safunsa adadya phula. SSD zilipo za maonekedwe awiri. Ina ndi kabokosi kafulati ka mainchesi 2.5, ka mtundu wa SATA, komwe kamalowa ndendende pomwe padali hadi disiki ya laputopu. Ina ndi kakang'ono kotalika ngati chala, ka M.2, komwe kamalowa m'makompyuta atsopanoko. Mukagula yolakwika mwataya ndalama. Ndipo inu ophunzira amene mumathamangira timalaputopu topyapyala totchipa, dziwani kuti tina nkhokwe yake adaiwotcherera pa bolodi, siichoka. Funsani musanalipire.

Alamu, pofuna kupulumutsa kangachepe, adatuma mwana wa achimwene awo ku Lilongwe, yemwe adabwera ndi SSD yolembedwa 1 TB, m'kabokosi konyezimira, pamtengo wochepera ngakhale wa yaing'ono. Mnyamata wathu adangoiyang'ana n'kumwetulira.

"Madala, ng'ombe ya mtengo wa nkhuku mudaionapo?"

Adaiyesa ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, komwe kamadzaza disiki yonse kenaka n'kuwerenga ngati zomwe kalemba zilimodi. M'mawa yankho lidatuluka: malo enieni sadapitirire 60 GB. Akathyali amasintha kaubongo ka chipangizocho kuti kazinama kukula kwake. Mukamaikamo zinthu chimalandira ndithu, maina a mafayilo n'kumaoneka bwinobwino, koma mukadutsa malire ake enieni zinthu zimangosowa osakuuzani. Mumadzazindikira tsiku lomwe mukuzifuna. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsayo foni yake idasiya kupezeka.

Palinso ena ogulitsa SSD yogwirapo kale ntchito ngati yatsopano. Kapulogalamu kena kaulere, CrystalDiskInfo, kamaonetsa maola omwe disiki yakhala ikuyaka ndi m'mene thanzi lake lilili. Wogulitsa woona mtima sakana kuti muyese. Akayamba kukwiya, tulukani.

Ulendo wachiwiri tidagula ya 512 GB pasitolo yopereka lisiti ndi chitsimikizo. Ngakhale kuphatikiza ndalama zomwe tidaberedwa zija ndi za mmisiri, sitidayandikire n'komwe mtengo wa laputopu ina.

Tsopano kusamuka kwenikweni. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumanga nyumba yatsopano: kuika Windows yatsopano pa SSD kuchokera pa fulashi, kenaka n'kubwezeretsa mapulogalamu ndi mafayilo anu mmodzimmodzi. Yachiwiri ndi yomwe amisiri amati cloning. Imeneyi ili ngati zomwe tinkaona kumudzi, amuna khumi atasenza denga lonse lathunthu kukaliika pa nyumba ina. Pulogalamu imakopera disiki yonse m'mene ilili, Windows, mapulogalamu, mafayilo, ngakhale chithunzi cha pa sikirini, kotero kuti kompyuta ikadzuka siidziwa n'komwe kuti yasamuka.

Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Mukasenza nkhokwe yathunthu mumasenzanso anankafumbwe ake. Ngati kompyuta idali ndi mavayirasi, kapena Windows yake idali yovulala kale, zonsezo zimasamuka nanu. Pamenepo bwino kumanga yatsopano. Koma kumanga yatsopano kumafuna intaneti yambiri yokokera mapulogalamu, ndipo mtengo wa bandulo mukuudziwa. Alamu adali ndi pulinta yakale yomwe idawavuta kwambiri kuti igwirizane ndi laputopuyo, ndi mazana a zitsanzo za makadi zomwe adakonza okha. Adasankha kusenza denga.

Mnyamatayo adalumikiza SSD ku laputopu ndi kachingwe kolowa pa USB. Adagwiritsa ntchito Clonezilla, pulogalamu yaulere yomwe idapangidwa ku Taiwan. Zilipo zina, ndipo makampani ena opanga SSD, monga Samsung, amapereka yawo. Adatifotokozera kuti disiki yakale idali ya 500 GB, choncho ya 512 GB idakwana popanda vuto. Mukagula yocheperapo kuposa yakale, katundu yemwe alimo ayenera kukwana, ndipo pamafunika kuyamba mwafinya chigawo cha disiki yakaleyo, ntchito yoopsa pa disiki yodwala. Adafunsanso ngati disikiyo idali yokhomedwa ndi BitLocker, loko wa Windows. Ikakhala yokhomedwa, yambani mwapeza kiyi wake wa manambala 48 n'kumulemba papepala, apo ayi mudzadzitsekera kunja kwa nyumba yanu yomwe.

Atafika pomwe pulogalamu imafunsa kuti ikopere kuchokera kuti kupita kuti, adaima. Adawerenga, adawerenganso, n'kutiitana kuti nafe tiwerenge.

"Apa ndi pomwe anthu amalira," adatero. "Ukasokoneza, umakopera yopanda kanthu pamwamba pa yodzaza. Zaka khumi zimapita pa mphindi imodzi."

Chidatsala ndi magetsi. Batire la laputopuyo lidafa kalekale, ndipo za kuthimathima kwa magetsi sindingakuuzeni zachilendo. Kukopera kukadukira panjira mumayambanso poyamba, ndipo disiki yodwala mwina singapirire ulendo wachiwiri. Tidapempha malo kwa mnzake wometa tsitsi yemwe ali ndi sola ndi invetala. Popeza disiki idali ndi mabala, mnyamatayo adauza pulogalamu kuti ikapeza malo oola izidumpha, isamaime. Ntchito yomwe pa disiki yabwino imatha pa ola limodzi kapena awiri idatenga tsiku lonse. Alamu nsima sadadye.

Madzulo adazimitsa, adamasula masikulu a pansi, adasolola yakale, adalowetsa yatsopano. Mphindi khumi sizidakwane. Adatichenjeza kuti mwina singayake ulendo woyamba, ndipo zikatero pamangofunika kulowa mu BIOS kukaiuza disiki yoti iziyambira. Koma ngati mabala aja adagwera pa mafayilo a Windows yeniyeniyo, tibwerera ku njira yomanga yatsopano. Adadina batani. Alamu adatembenuka kuti apemphe madzi akumwa. Pomwe amabweza nkhope, chithunzi cha ana awo chidali kale pa sikirini.

"Ndi yomwe ija imeneyi?" adafunsa.

Idali yomwe ija. Ndipo laisensi ya Windows sitidagulenso, chifukwa m'makompyuta ambiri imamangiriridwa ku bolodi yaikulu, osati ku disiki. Wina akakuuzani kuti mulipire laisensi chifukwa choti mwasintha disiki yokha, mufunseni kawiri.

Tikunyamuka, mnyamatayo adachita chinthu chomwe amisiri ambiri sachita. Adakulunga disiki yakale ija m'pepala n'kuipereka m'manja mwa alamu.

Nkhani iyi ndiikhalira pang'ono, chifukwa ambiri timaisiya pa benchi ya mmisiri ngati chitsulo chakutha. M'disiki ya alamu mudali zithunzi za ziphaso za umzika za alimi onse a m'kalabu, manambala a maakaunti awo a kubanki, makalata ofunsira ntchito a theka la achinyamata a pa Mtunthama, ngakhale makalata a milandu ya mabanja. Kufufuta fayilo sikuichotsa. Ngakhale kufomata kwachangu kuja kumangochotsa chikwangwani, katundu amatsala m'kati, ndipo mwana aliyense wodziwako makompyuta akhoza kumutulutsa. M'dziko lomwe tonse tidalandirako foni kapena uthenga wa akuba onamizira kuti akutidziwa, disiki yotere ndi chuma kwa wakuba. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, koma ngakhale pakadapanda lamulo, munthu amene adakupatsani chiphaso chake kuti mufotokope adakukhulupirirani. Itanitsani disiki yanu. Isungeni osaikhudza kwa sabata ziwiri kapena zitatu mpaka mutatsimikiza kuti yatsopano ikuyenda bwino. Ikakhala yamoyo, iguleni kabokosi ka USB ikhale nkhokwe yachiwiri. Ikakhala yodwala ngati ya alamu, ikhomeni msomali pakati, mbale zisweke.

Ndisakunamizeni kuti SSD ndi mankhwala a matenda onse. Kompyuta ya RAM yochepa idzatsamwabe mukatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi. Sikirini yosweka ndi batire lakufa sizichira. Ndipo pali vuto lina lomwe disiki singathetse. Pa 14 Okutobala 2025, patangotha miyezi isanu ndi umodzi chikonzereni laputopu ya alamu, kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, kupatula kwa omwe adalembetsa chaka chimodzi choonjezera chofika Okutobala 2026. Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo makompyuta ambiri a kaunjika opangidwa chisanafike chaka cha 2018 imawakana. Windows 10 siifa tsiku lomwelo ayi, imayakabe, koma ili ngati nyumba yomwe mlonda wake adasiya ntchito. Amene mumalowa nayo pa intaneti, makamaka pa za ndalama, ganizirani za Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere ndipo zimayenda bwino pa makina okalamba. Ubuntu idayamba mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi umunthu wathu womwewu. Tsiku lomwe mukusintha disiki ndi tsiku labwino loganiza zimenezi.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Hadi disiki imadwala poyera, imabuula, imakupatsani nthawi yoitana abale. SSD nthawi zambiri imafa ngati munthu wogwa m'munda: dzulo idali bwino, lero zii, ndipo kutulutsamo kanthu n'kovuta kwambiri. Choncho liwiro lisakupusitseni. Chinthu chomwe chili malo amodzi okha sichanu. Akuluakulu a m'dera la fodya lomweli adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wophunzira amene mwalemba kafukufuku wanu chaka chathunthu, dzitumizireni pa imelo Lachisanu lililonse. Wamalonda, buku la ngongole likhale pa kompyuta, pa fulashi yosungidwa kunyumba, ndi papepala. Ine ndidataya ntchito ya temu yonse ndili ku koleji chifukwa cha disiki yomwe idandichenjeza kwa mwezi wathunthu, ine n'kumati mawa. Chaona mnzako chapita.

Pobwerera ku Mtunthama madzulo aja, alamu atafungatira laputopu yawo ngati khanda, ndidaganiza za sukulu ziwiri za dera limeneli. Ina ndi Kamuzu Academy, yomwe Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsegula mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere pomwe iye adayambira kuphunzira, sukulu ya nyumba zokongola, Chilatini ndi Chigiriki. Inayo ilibe mpanda. Ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, pafupi pomwepo, yemwe atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, mu 2002 adatola zitsulo zotayidwa, njinga yakutha ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi. Yoyambayo imalandira ochepa. Yachiwiriyo tonse tikhoza kulowa, ndipo phunziro lake loyamba ndi lakuti usataye chinthu usanachitsegule n'kuona chomwe chafa.

Ndidamva kuti pamsonkhano wotsatira wa kalabu adagwirizana kuti msungichuma apitirize kulemba m'kope lake, ndi kuti fulashi ya kalabu izigona kwa atcheya. Alamu adavomera mosanyinyirika. Dandaulo lawo ndi limodzi lokha: kale ankayatsa kompyuta n'kupita kukamwa tiyi, tsopano tiyi akumazizira patebulo.

Inu yanu ikamalira tiki, tiki, musadikire msika utsegulidwe. Koperani lero.